Ndalama za amasiye a Titanic tizitchule ndi maina ake

Pakachitika ngozi yaikulu, ya pamsewu kaya ya panyanja, sipadutsa masiku atatu tisanamve pa wailesi chiganizo chonga ichi: "Mabanja a anthu omwe anamwalira pa ngoziyi athandizidwa ndi ndalama." Chichewa chake n'chosalala, lilime silipunthwa paliponse. Koma mukachifunsa kuti wapereka ndalamazo ndani, sichiyankha. Mneni wakuti "athandizidwa" wabisa wochita, ndipo kamawu kakuti "ndi", kamene kakanatilozera munthuyo monga timachitira tikati "athandizidwa ndi mpingo", kakagwira ndalama m'malo mwa mwini ndalama. Chimene chimandiwawa kuposa pamenepa n'chakuti chiganizochi sichitiuza ngati woperekayo wachita chifundo kapena wabweza ngongole. Chichewa chili ndi mawu osiyanitsa zimenezi. Tili ndi chipepeso, tili ndi chithandizo, tili ndi chipukuta misozi, tili ndi malipiro. Masiku ano olemba nkhani ambiri akuwasakaniza ngati ndi amodzi, ndipo amene amaluzapo ndi wofedwa.

Mlandu umene umaonetsa bwino kusiyana kwa mawuwa ndi wa sitima ya Titanic, chifukwa kumeneko ndalama zamitundu yonseyi zinayenda nthawi imodzi, ndipo mabuku ake anasungidwa. Sitimayi, ya kampani ya White Star Line, inanyamuka padoko la Southampton ku England pa 10 Epulo 1912 kulowera ku New York. Usiku wa pa 14 Epulo inawomba phiri la madzi oundana, n'kumira m'bandakucha wa pa 15. Mwa anthu oposa 2,200 amene anali m'menemo, pafupifupi 1,500 anafa. Mabwato opulumukira analipo 20 okha, okwana anthu 1,178. (Apanso tisamale ndi mneni wakuti "kumira". Imene inamira ndi sitima. Anthu ambiri anali atavala zoyandamitsa ndipo chinawapha ndi kuzizira kwa madzi, choncho kulemba kuti "anthu 1,500 anamira" n'kusintha mbiri.)

Mafilimu amakonda kutionetsa olemera a m'zipinda zapamwamba, koma maliro ochuluka anagwa m'nyumba za antchito. Mzinda wa Southampton wokha unataya anthu 549, ambiri a iwo osonkhezera moto wa malasha, okankha mawilibala a malashawo kunsi kwa sitima, ophika ndi operekera zakudya. M'madera a Northam ndi Chapel munali misewu imene nyumba zoyandikana zinafedwa tsiku limodzi. Ndiponso ngoziyi inagwa anthu ali kale pa njala, pakuti okumba malasha anali atanyanyala ntchito kuyambira mu Febuluwale chaka chomwecho, sitima zambiri zinangoima padoko, ndipo amuna masauzande anakhala masabata osagwira ntchito. Kwa ambiri, kulembedwa pa Titanic kunali kuona ndalama koyamba patapita nthawi. Amayi anachezera kunja kwa ofesi ya kampaniyo mu Canute Road, kudikira mapepala a maina a opulumuka kuti akhomedwe.

Ndalama yoyamba kuitchula ndi malipiro, ndipo ili ndi dzina losavuta kusiyanitsa. Malipiro ndi thukuta la munthu. Malamulo a ku Britain a nthawi imeneyo ankati malipiro a wantchito wa m'sitima amalekera pamene sitimayo yawonongeka, motero kampani inawerengera antchito ake mpaka tsiku limene Titanic inamira, osapitirira. Wosonkhezera moto ankalandira mapaundi 6 pamwezi, ndiye mkazi wake anayenera kulandira za masiku ochepa amene mwamuna wake anagwira. Kandalama kameneko, kuchepa kwake konseko, sikanali chithandizo. Munthu akalemba kuti "kampani yathandiza banja ndi malipiro a malemu", walakwira malemuyo, chifukwa wasandutsa mphatso chinthu chimene iye anachigwirira ntchito. Malipiro amaperekedwa kwa eni ake, ndipo akachedwa amalonjereredwa. Sathokozedwa.

Chipepeso tonse timachidziwa, poti palibe amene sanakhalepo pasiwa. Wina wabwera ndi ufa m'beseni, wina mtolo wa nkhuni, wina kandalama kokulunga pansonga ya chitenje, ndipo pakhomo pakhala munthu ndi kope akulemba maina. Nthawi ya mwambo ikakwana, wolengeza amaimirira n'kuwerenga kuti a mpingo apepesa ndi zakuti, a kuntchito ndi zakuti, a kuchimuna ndi zakuti. Taonani zimene mawuwa anyamula. Wopereka chipepeso sindiye wapha munthu. Sanakakamizidwe ndi bwalo lililonse. Sabweranso sabata yamawa kudzafunsa kuti ufa uja munaphikira ndani. Ndipo akudziwa kuti tsiku lina kope lomwelo lidzatsegulidwa pakhomo pake, paja maliro n'kulirana. Wopepesa ndi wopepesedwa amakhala pamphasa imodzi.

Zimene anachita anthu wamba a ku Britain ndi a maiko ena zinali chipepeso chenicheni. Meya wa London anatsegula thumba ku Mansion House, meya wa Southampton anatsegula lake, manyuzi monga Daily Telegraph ndi Daily Mail anasonkhetsa owerenga awo. M'matchalitchi munayenda mbale, oimba anachititsa makonsati, ana a sukulu anapereka mapeni awo. Zonse zitaphatikizidwa m'thumba limodzi lotchedwa Titanic Relief Fund zinaposa mapaundi 400,000. Anthu amenewa analibe mlandu ndi imfa ya aliyense. Anamva chisoni, napisa m'thumba. Tikamanena za iwo, mneni wakuti "kupepesa" akukhala pamalo pake.

Koma titsatire ndalamayo mpaka ifike m'manja mwa mayi wa ku Northam, tione ngati ikadali chipepeso.

Oyendetsa thumba sanagawe ndalamazo kamodzi. Anaziika mopindulitsa, n'kukonza zoti amasiye azilandira pang'onopang'ono, mowerengera sabata, kwa zaka zambiri. Mabanja a antchito anawagawa m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira A mpaka G, potsata udindo wa malemu. Mkazi wa bwana wa m'sitima anali pamwamba, mkazi wa wosonkhezera moto pansi, ndipo zolandira zawo zinasiyana kwambiri ngakhale amuna awo anafera m'madzi amodzi. Ku Southampton komiti inalemba ntchito mayi wina woyendera amasiye, amene ankazungulira mzinda panjinga, kulowa m'nyumba, kuona ana, kuona ukhondo, kumva za khalidwe la mayi wa pakhomopo, kenako n'kukapereka lipoti. Mayi akamveka kuti akumwa mowa kapena akukhala ndi mwamuna wina, komiti inkatha kumuimitsira ndalama kapena kuipereka kwa munthu wina kuti azimusungira. Akakwatiwanso, zolandira zake za sabata zinkatha. Onse anali anthu akuluakulu, amayi olera ana, koma ankayenera kuonetsa kuti ndi oyenera kuchitiridwa chifundo.

Ichi si chipepeso ayi. Dzina lake ndi chithandizo. Chithandizo chili ndi wapamwamba ndi wapansi, chimapemphedwa, chimayezedwa, chikhoza kuimitsidwa. Ndikatero sindikunyoza thumbalo. Mabuku a komiti ya Southampton akuonetsa ntchito yaikulu: analipirira ana sukulu ndi maphunziro a ntchito zamanja, anagulira odwala mkaka ndi mazira, ena anawagulira magalasi a maso ndi mano oikirira. Mabanja ambiri akanathera m'nyumba za boma zosungira osauka pakanapanda thumbali, ndipo kugawa pang'onopang'ono kunateteza ana amene ndalama ya kamodzi ikanawathera asanakule. Chimene ndikukana n'chakuti tilitche chipepeso, chifukwa tikatero tafufuta mayi wa njinga uja m'nkhani. Wowerenga Chichewa akaona mawu akuti "chipepeso" amaganiza kuti ndalama inaperekedwa ndi manja awiri ndipo nkhani inathera pomwepo. Wolemba wosamala anene kuti anthu anasonkha chipepeso, komiti n'kuchisandutsa chithandizo cha sabata ndi sabata chokhala ndi malamulo ake. Chiganizo chatalika, koma chanena zimene zinachitika.

Tsopano chipukuta misozi. Awa ndi mawu amene timagwiritsa ntchito ponena ndalama imene munthu, kampani kapena boma limalipa chifukwa wina wavulala, wafa kapena walakwiridwa m'manja mwake. Kwathu kuno ndi mawu omwewa amene timatchulira ndalama za pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000. Ku Britain lamulo lofanana nalo linakhazikitsidwa mu 1906, ndipo linakhudzanso antchito a m'sitima. Linkati wantchito akafera pantchito, amene ankamudalira alandire ndalama yofanana ndi malipiro ake a zaka zitatu, yosachepera mapaundi 150 ndiponso yosaposa mapaundi 300. Malipiro a zaka zitatu a wosonkhezera moto uja ndi mapaundi 216. Ndalama imeneyi White Star Line sinaipereke chifukwa cha kukoma mtima. Lamulo linaigwira pamkono.

Mawu akuti "chipukuta misozi" ndi okoma, ndipo kukoma kwakeko ndiko kumatisocheretsa. Kupukuta munthu misozi ndi ntchito ya mayi kwa mwana, ya mnzako wa pamtima. Ndiye mtolankhani akalemba kuti "kampani yapereka chipukuta misozi", khutu limamva ngati kampaniyo yachita ulemu. Mankhwala ake ali mu mneni. Makolo athu anasiyanitsa kupereka, kulipira ndi kulipa. Timapereka mphatso. Timalipira fizi, timalipira basi, timalipira aganyu. Koma munthu amene ng'ombe zake zadya mmunda mwa mnzake, amfumu akagamula, amalipa. Kulipa kumanena kuti panali mlandu kapena udindo, ndipo wolandirayo ali ndi ufulu wokana ngati zachepa. Choncho tizilemba kuti "kampani yalipa chipukuta misozi", kapena "khoti lalamula kampani kuti ilipe". Nthawi yomweyo tisapitirire mbali inayo n'kutcha ndalamayi chindapusa. Chindapusa ndi chilango, ndipo kawirikawiri chimapita kubwalo kapena kuboma. Chipukuta misozi chimapita kwa wolira.

Pali mawu enanso amene amalowa mwakachetechete n'kugamula mlandu usanazengedwe. Ndi mawu akuti "tsoka". Tikati "mwatsoka sitima inamira", tanena kuti palibe wolakwa, ndipo pamene palibe wolakwa pamangoyenera chipepeso. Pasiwa mawu otere ali ndi malo ake, amatonthoza, ndipo sindingamuletse mbusa kapena gogo kuwanena. Koma m'nyuzi, m'kalata ya boma ndi m'buku la sukulu, "tsoka" lidikire kaye kafukufuku. Nkhani ya Titanic inakanganirana pamenepa. Kafukufuku wa boma la Britain, wotsogoleredwa ndi Lord Mersey, anapeza kuti sitima inkathamanga kwambiri m'dera la madzi oundana, koma sanamupeze kaputeni Edward Smith ndi mlandu wa kusasamala, poti oyendetsa sitima ena ankachitanso chimodzimodzi. Chaka chotsatira, mu 1913, Thomas Ryan, bambo wa ku Ireland amene mwana wake Patrick anafera m'sitimayo, anasumira kampaniyo ku London, ndipo khoti linapeza kuti panali kusasamala pa liwiro la sitima. Kampani inachita apilo, koma sinapambane. Ku America anthu anasuma zoposa madola 16 miliyoni. Kampani inapempha khoti kuti, potsata lamulo lakale la mu 1851, ilipe zosafika ngakhale madola 100,000, kutanthauza mtengo wa mabwato amene anapulumuka ndi ndalama za ulendowo. Kumapeto kwa 1915 mbali ziwirizi zinagwirizana madola 664,000, ndipo woweruza anatseka mlanduwo mu 1916, patadutsa zaka zinayi chichitikire ngozi.

Sitimayo payokha inali pa inshulansi ya mapaundi 1 miliyoni, ndipo a inshulansi a ku Lloyd's analipira eni ake ndalama yonse pasanathe masiku 30. Palibe amene analemba kuti White Star Line "yathandizidwa". Aliyense ankadziwa kuti ikulandira zake, malinga ndi pangano. Ndimafuna kuti tizikhala ndi khutu lomwelo pamene wolandirayo ali mayi wosauka.

Nkhani ya oimba ikuonetsa zimene zimachitika dzina la ndalama likasowa. Oimba asanu ndi atatu a m'sitimayo, motsogozedwa ndi Wallace Hartley, anafa onse. Dziko lonse linawatama. Koma mabanja awo atafunsa za chipukuta misozi, White Star Line inati oimbawo sanali antchito ake, poti anawalemba ndi a C.W. & F.N. Black a ku Liverpool ndipo anakwera ngati apaulendo a kalasi yachiwiri. A Black nawo analozera kwina. Bambo a Jock Hume, woimba wina wa ku Dumfries ku Scotland, analandira kalata yochokera kwa a Black yoitanitsa masheleni 5 ndi mapeni 4 okhudza yunifolomu ya mwana wawo. Pomaliza ndi thumba la chithandizo limene linawatenga mabanjawo n'kuwawerengera pamodzi ndi a antchito. Ngongole imene inakanidwa ndi makampani awiri inatsekedwa ndi chifundo cha anthu wamba. Tikalemba mwachidule kuti "mabanja a oimba analandira chipukuta misozi", tapatsa makampaniwo ulemu wa chinthu chimene anachikana.

Olandirawo nawo tiziwatchula mosamala. "Anamfedwa" ndi mawu otakata: alongo, amalume, azakhali, onse okhala pasiwa ndi anamfedwa, ndipo chipepeso n'chawo onse, chimagula bokosi ndi kudyetsa okhuza maliro. "Amasiye" ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Koma lamulo la 1906 ndi thumba la Titanic zinkayang'ana gulu lina, la anthu amene ankadalira malemu: mayi wokalamba amene mwana wake ankamulipirira lendi, mlongo wodwala, khanda limene linabadwa bambo ake atafa kale. Chichewa chilibe mawu amodzi a gulu limeneli, ndipo palibe chifukwa chopekera. Tinene kuti "amene ankadalira malemu", basi. Kusiyanitsaku si kwa pakamwa chabe. Tikalengeza kuti chipukuta misozi ndi "cha anamfedwa", tatsegulira khomo achibale amene sanadyepo m'manja mwa malemu kuti adzagawane ndalama ya ana, ndipo kulanda chuma cha amasiye ndi chilonda chimene tikuchidziwa bwino.

Ena adzati chilankhulo chimasintha, ndipo ngati anthu ayamba kutcha ndalama iliyonse ya pamaliro chipepeso, wolemba angotsata. Kusintha sindikukana. Inshulansi ndi penshoni ndi mawu obwera, ndipo tinawalandira chifukwa anatchula zinthu zimene tinalibe. Kusintha kotero kumawonjezera. Koma kuphatikiza mawu anayi kukhala amodzi kumatichotsera chida. Ganizirani mayi amene mwamuna wake wafera pantchito. Abwana abwera pamaliro, agula bokosi, apereka envulopu, wolengeza wati "a kampani apepesa". Mayiyo wagwada, wathokoza, ndipo wachita bwino. Patapita mwezi wina akamuuza kuti apite ku ofesi ya zantchito akafunse chipukuta misozi, iye adzayankha kuti anapatsidwa kale, ndipo adzaona ngati kubwereranso n'kusayamika. Amene wamutsekera njira ndi mawu. Akanadziwa kuti envulopu ija inali chipepeso, ndipo chipukuta misozi n'china chimene lamulo limamupatsa, akanapita osachita manyazi. Nafenso tili ndi nyanja, ndipo inatilandapo anthu 145 tsiku limodzi pamene sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba pa 30 Julayi 1946. Mabwato akupitirira kugubuduzika, mabasi akupitirira kugwa, ndiye mawuwa tidzawafunabe.

Pempho langa kwa akonzi a nyuzi, owerenga nkhani pa wailesi ndi omasulira zikalata za maofesi ndi lakuti musanalembe "athandizidwa", funsani amene wabweretsa uthengawo kuti ndalama yachokera kwa yani, ndipo akanapanda kupereka, kodi wofedwa akanatha kumusumira. Ngati akanatha, lembani "walipa". Ngati sakanatha, ndipo woperekayo sadzabweranso kudzafunsa, lembani "wapepesa". Ngati pali fomu, komiti ndi woyendera, lembani "chithandizo" ndipo munene malamulo ake. Aphunzitsi a Chichewa nawo angachite bwino kupatsa ana ziganizo zotere kuti azikonza, m'malo mongowaloweza mitundu ya aneni.

Patsala dzina limodzi, la penshoni. Olemba ena amatcha ndalama ya sabata ya amasiye a Titanic penshoni, poti inkabwera mobwerezabwereza. Kwa ife penshoni ndi ndalama imene munthu ali nayo ufulu, imene komiti singaiimitse chifukwa yamva mphekesera za khalidwe lake, choncho kwa zaka zambiri dzinali silinkayenera. Linadzayenera mu 1959. Chaka chimenecho thumbalo linatsekedwa, amasiye amene anali akadali moyo anawakonzera pangano lolandira ndalama mpaka imfa yawo, ndipo zotsala zinaperekedwa ku bungwe la Shipwrecked Mariners' Society, limene limasamalira mabanja a asodzi ndi antchito a panyanja. Apa panali patadutsa zaka 47, ndipo amayi amene anafedwa ali atsikana anali atakalamba.